Kuwawa pogonana ndi mafizo a minofu ya m'chiuno: mafunso ndi mayankho kwa amayi a ku Mzuzu

Mayi akayamba kumva kuwawa pokhala malo amodzi ndi mwamuna wake, kawirikawiri amayamba wanong'oneza mnzake, kenako amapita kufamase kukagula mankhwala a mauka. Ena amachira pomwepo. Ena amamwa mankhwala maulendo atatu kapena anayi, kuyabwa nkutha, chikazi nkuyera, koma ululu uli pomwepo. Ambiri mwa amayi oterewa vuto lawo lili m'minofu ya pansi pa chiuno imene yazolowera kukungika ndipo yaiwala kumasuka. Mapiritsi sachiza zimenezi, koma mafizo amathandiza.

Minofu imeneyi ili pati, ndipo imagwira ntchito yanji?

Mafupa a m'chiuno ali ngati beseni lopanda pansi. Chotseka pansipo ndi minofu yoyalidwa kuchokera ku fupa la pachinena kukafika ku kafupa ka kumapeto kwa msana, komanso m'mbali ku mafupa awiri amene timakhalira. Imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo akumunsi monga momwe chitenje chimanyamulira mwana kumbuyo. Njira zitatu zimadutsa pamenepo: ya mkodzo, ya abambo ndi ya chimbudzi.

Gulu lalikulu la minofuyi limatchedwa levator ani, ndipo chala chimaikhudza chikalowa m'njira ya abambo mfundo imodzi kapena ziwiri, m'mbali ndi chakumbuyo. Kunja kwake kuli timinofu tina topyapyala tozungulira pakhomo penipeni. Yonseyi imayenera kuchita zinthu ziwiri: kugwira pamene mukutsokomola, kuseka kapena kusenza ndowa, ndi kumasuka pokodza, pochita chimbudzi, pogonana ndi pobereka. Anthu amakamba kwambiri za kugwira. Za kumasuka sizikambidwa, chonsecho ndi pamene pamagona vuto la amayi ambiri omva ululu.

Nanga minofu ingawawitse bwanji munthu chonchi?

Mukasenza thumba la makala kuchokera kumsika mpaka ku Mchengautuwa, khosi limauma ndipo mawa lake munthu akangolikhudza mumadzidzimuka. Minofu ya m'chiuno imachitanso chimodzimodzi ikakhala yokungika tsiku lonse. Magazi sayendamo mokwanira, imatopa, ndipo mumabadwa timfundo tolimba towawa tikadinidwa. Khomo limachepa chifukwa minofu yolizungulira yalifinya, ndiye mwamuna akamalowa khungu limakhulika ndipo nthawi zina limang'ambika pang'ono chakumunsi.

Chovuta kwambiri nchakuti thupi limakumbukira. Kugonana kukawawa kamodzi kapena kawiri, kaya chifukwa cha matenda, chilonda cha pobereka kapena kuuma, ulendo wotsatira minofu imadzitseka yokha mwamuna asanakhudze nkomwe, monga diso limatsinzinira kachitsotso kakamabwera. Simuchita kufuna. Kutsekako kumawonjezera ululu, ululu nkuwonjezera mantha, mantha nkuwonjezera kutseka. Nchifukwa chake matenda amene anayambitsa zonse atha kuchira kalekale koma ululu nkutsalira. Kutsekaku kukafika poti palibe chimene chingalowe, ngakhale chala kapena chipangizo choyezera kuchipatala, achipatala amati vaginismus.

Ndingadziwe bwanji kuti ndi minofu osati matenda?

Panokha simungatsimikize, ndipo mafizo sayenera kuyamba musanayezedwe. Koma malo a ululu ndi zina zotsagana nawo zimalozera.

Ululu wa minofu umamveka kwambiri pakhomo kapena mkati pang'ono: kuotcha, kuthina, kapena ngati mwamuna wagunda khoma. Umatha kupitirira maola angapo mutamaliza. Nthawi zambiri pamakhalanso kukodza pafupipafupi, mkodzo wochedwa kuyamba kutuluka, kumva ngati sunathe, kudzimbidwa, ndi kuwawa kwa msana wakumunsi kapena pokhala pampando wolimba.

Ululu wa mkati mwenimweni, pamene mwamuna wafika kumapeto, umachokera kawirikawiri ku chiberekero, machubu kapena mazira: matenda opatsirana pogonana amene akwera m'mwamba, zotupa za m'chiberekero, kapena endometriosis, nthenda imene timinofu tonga ta mkati mwa chiberekero timamera kunja kwake, imene imadziwika ndi msambo wowawa kwambiri. Minofu yamkati nayo imatha kuwawa chonchi, ndipo si zachilendo kupeza zonse ziwiri mwa munthu mmodzi.

Pitani kuchipatala msanga, osayamba ndi mafizo, ngati pali chimodzi mwa izi: kutuluka magazi mukatha kugonana kapena pakati pa msambo, magazi mutasiya kale kusamba, chikazi chonunkha, chachikasu kapena chobiriwira, zilonda kapena matuza, kutentha thupi pamodzi ndi kuwawa kwa m'mimba, kapena chotupa. Ululu waukulu wa mbali imodzi ya pachinena mutadumphitsa msambo ndi wopita nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, chifukwa ungakhale mimba yokhala m'chubu. Magazi otuluka pogonana amafunika kuyezetsa khomo la chiberekero. Khansa ya pamenepa ndi imene ikupha amayi ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse, ndipo kuyeza kwa VIA, kopaka viniga pakhomo la chiberekero, kumatenga mphindi zochepa. Amayi a zaka 25 mpaka 49 amalimbikitsidwa kuyezetsa ngakhale sakumva chilichonse.

Kuno kumpoto pali chinthu china chimene chimaphonyeka kwambiri: likodzo. Ambiri amalidziwa ngati matenda a ana okodza magazi, koma mazira a tizilombo take amakhazikikanso m'njira ya abambo ndi pakhomo la chiberekero, nkupanga timabala tooneka ngati mchenga, totuluka magazi tikakhudzidwa. Zizindikiro zake zimafanana ndi matenda opatsirana pogonana, moti mayi amapatsidwa mankhwala olakwika mobwerezabwereza ndipo m'banja mumabuka kukayikirana kopanda maziko. Ngati munakulira kunyanja, ku Nkhata Bay, Chintheche, Usisya kapena Karonga, kapena munkalima mpunga m'madambo, nenani zimenezi kwa dokotala ngakhale papita zaka zambiri. Mankhwala ake ndi praziquantel, woperekedwa molingana ndi sikelo yanu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse.

Ku Mzuzu ndiyambire kuti, ndipo ndikanene chiyani?

Yambirani kuchipatala chapafupi, monga ku Mapale, ku St John's, ku Ekwendeni kapena kwa Banja La Mtsogolo, kuti akuyezeni matenda ndi khomo la chiberekero. Zikapezeka kuti zonse zili bwino, kapena mwamwa mankhwala koma ululu sunasinthe, pemphani kalata yopita kwa dokotala wa amayi ndi kwa a mafizo ku Mzuzu Central Hospital. Tengani buku lanu la kuchipatala kuti aone mankhwala amene munalandirapo.

Ntchito ya mafizo ndi yatsopano ndithu m'dziko muno. Maphunziro a digiri yake anayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ntchito yambiri ya a mafizo m'zipatala imakhala ya sitiroko, mafupa othyoka ndi ana olumala. Si onse amene anazama pa za m'chiuno mwa amayi, choncho funsani mosabisa ngati alipo amene amaona zimenezi. Muli ndi ufulu wopempha kuonedwa ndi munthu wamkazi.

Manyazi amapangitsa ambiri kungoti “m'mimba mukundiwawa”, ndipo amabwerera ndi Panado. Nenani chonchi, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka: “Ndimamva kuwawa pogonana, pakhomo, kuyambira nditabereka, ndipo mankhwala a mauka sanathandize.” Ngati pakamwa pakulemera, lembani pakapepala mupereke.

Kodi a mafizo amachita chiyani tsiku loyamba? Amayeza mkati?

Ulendo woyamba umatenga mphindi 45 mpaka ola limodzi, ndipo mbali yaikulu ndi mafunso: ululu unayamba liti, uli pati, kakodzedwe, chimbudzi, msambo, uchembere, njira yolera. Kenako amaona msana, ntchafu, mimba ndi kapumidwe kanu.

Kuyeza mkati kumachitika pokhapokha mwavomera. Sagwiritsa ntchito chitsulo chija chotsegulira njira ya abambo poyeza khomo la chiberekero. Ndi chala chimodzi chovala golovesi, chopakidwa jelo, cholowa pang'onopang'ono nkumadina minofu mbali ndi mbali, inu nkumanena powawa ndi kukula kwa ululuwo pa mlingo wa 0 mpaka 10. Amakupemphani kuti mufinye kenako mumasule, ndipo chimene amayang'ana kwambiri ndi ngati minofuyo ikubwerera pansi mukamasula. Mungathe kunena kuti aime nthawi ina iliyonse, kulowa ndi mlezi, kapena kukana kuyeza kwa mkati mpaka ulendo wina. Kukakamiza kuyeza munthu amene minofu yake yatseka kumangoipitsa zinthu.

Chithandizo chake ndi kudina ndi kutambasula minofu yolimbayo ndi chala, kufewetsa zipsera, kuphunzitsa kupuma ndi kumasula, ndi kukupatsani zochita kunyumba. Kumene kuli zipangizo amawonjezera makina oonetsa pa sikirini mmene minofu ikukungikira. Makinawo ndi othandiza, koma ntchito yaikulu imachitikira kunyumba kwanu.

Ndinamva kuti masewera a minofu imeneyi dzina lake ndi ma Kegel. Ndiziyamba kufinya?

Ayi, osati pano. Masewera ofinya aja anatchuka kuchokera kwa dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948, ndipo ndi a minofu yofooka, ya mayi amene mkodzo umadontha akatsokomola. Minofu yokungika kale mukamaifinya maulendo 100 pa tsiku, monga amalangizira ena pa WhatsApp, ululu umakula. Kumasula kumayamba, mphamvu pambuyo. Ndipo musamadule mkodzo pakati ngati masewera. Zimasokoneza chikhodzodzo kuti chizilephera kukhuthula wonse.

Ndingachite chiyani kunyumba kuyambira lero?

Yambani ndi kupuma. Zimaoneka zachibwana, koma minofu ya pansi pa mapapo ndi ya pansi pa chiuno zimayendera limodzi: mukakoka mpweya zonse zimatsika, mukautulutsa zonse zimabwerera.

Gonani chagada pamkeka kapena pabedi, mawondo opinda, pilo pansi pa mawondo. Dzanja limodzi pachifuwa, lina pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mimba ndi nthiti zifufume, dzanja la pachifuwa lisasunthe kwambiri. Muli kukoka choncho, lolani kumusi kufewe ndi kutambasuka, monga zimakhalira mkodzo ukangotsala pang'ono kuyamba kutuluka. Tulutsani ndi pakamwa mukuwerenga mpaka 6, osakankha, osafinya. Chitani mphindi 5, kawiri pa tsiku.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi zitatu. Ena amakankha ngati ali kuchimbudzi. Kumeneko si kumasula, ndipo kumalemetsa chiberekero. Ena amapuma mothamanga nkuchita chizungulire, chepetsani liwiro. Ena amaluma mano ndi kufinya matako osadziwa. Tsegulani pakamwa pang'ono, lilime ligone. Ngati simukumva kusiyana kwa kufinya ndi kumasula, finyani pang'ono chabe kwa masekondi 2, kenako masulani kwa masekondi 10, maulendo 5. Cholinga ndi kumva kutsikako, osati kulimbitsa.

Mukatha kupuma, tambasulani ntchafu ndi chiuno. Gwadani, mawondo otalikirana, matako pazidendene, chipumi pamkeka, manja kutsogolo. Kenako gonani chagada, kokerani mawondo kukhwapa mutagwira kuseri kwa ntchafu. Kenako, muli chagada, phatikizani mapazi, mawondo agwere m'mbali pa mapilo. Ngati mawondo anu ali bwino, nyonyomalani mutagwira mwendo wa bedi, zidendene zili pansi. Chilichonse masekondi 30 mpaka 60, kawiri kapena katatu, mukupuma monga tafotokozera. Muzimva kukokeka, osati kubaya.

Kuzizira kwa Mzuzu mu June ndi July kumakungitsa thupi lonse, ndiye fundani bwino. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu pachinena kwa mphindi 10 mpaka 15 musanayambe limathandiza, chimodzimodzi kukhala m'beseni la madzi ofunda opanda sopo, mchere kapena Dettol.

Chomaliza, dzifufuzeni masana. Pochapa, pamzere kubanki, m'minibasi: kodi kumusi ndafinya? Mimba ndaikokera mkati? Masulani ndi mpweya utatu. Ambiri amadabwa kupeza kuti amakhala atafinya tsiku lonse.

Nanga za chala ndi ma dilator, timachubu totambasulira njira, zimayenda bwanji?

Patatha sabata imodzi kapena awiri mukupuma ndi kutambasula, ndipo achipatala atatsimikiza kuti palibe matenda, mutha kuyamba kuphunzitsa khomo kuti kukhudzidwa si ngozi. Sankhani nthawi imene ana agona kapena ali kusukulu, chitseko chokhoma. Wengani zikhadabo, sambani m'manja, kodzani kaye. Tsamirani mapilo, mawondo opinda.

Pakani jelo wambiri. Ikani chala pakhomo osalowetsa, mupume kwa mphindi imodzi. Masiku oyamba mwina mudzathera pomwepo, ndipo palibe cholakwika. Pamene zatheka, lowetsani mpaka mfundo yoyamba potulutsa mpweya. Ambiri amaona kuti chala chachikulu chimafika bwino. Yerekezani kuti khomolo ndi wotchi: 12 ili kunjira ya mkodzo, 6 ili kunjira ya chimbudzi. Dinani pang'ono pa 4, pa 6 ndi pa 8, malo alionse masekondi 30 mpaka 60, mpaka mumve kuti pafewa. Pa 12 musadine, pali njira ya mkodzo ndipo pamanyerenyetsa. Zonse zisapitirire mphindi 10, katatu kapena kanayi pa sabata.

Lamulo lake nlimodzi: ululu usapitirire 3 pa 10. Ukapitirira, imani pomwe muli, pumani, ndipo ukapanda kutsika tulutsani. Mukamvabe kuwawa tsiku lotsatira, munapyola muyeso. Pumulani masiku awiri nkubwerera pa sitepe ya m'mbuyo.

Ma dilator ndi timachubu tosalala ta pulasitiki kapena silikoni tobwera m'magulu a 4 mpaka 6, kuyambira kakang'ono ngati chala mpaka kofanana ndi mwamuna. Mumayamba ndi kamene kakulowa popanda ululu, kolozetsa kumsana wakumunsi osati kumwamba, nkukasiya mkati mphindi 10 mukupuma, kenako kukasuntha pang'ono mkati ndi kunja. Mumakwera saizi pamene kameneko kalowa mosavuta maulendo atatu otsatizana, ndipo tsiku lokweralo mumayamba ndi kakale kwa mphindi zingapo. Tsukani ndi sopo ndi madzi ofunda, umitsani, osabwerekana. Sapezeka m'famase iliyonse. Akasowa, chala chimodzi, kenako ziwiri, kenako cha amuna anu inu mutagwira dzanja lawo, zimagwira ntchito yomweyo. Botolo, chinthu chotha kuthyoka kapena chokhala ndi m'mphepete mwakuthwa musayese.

Mafuta oterera abwino ndi ati? Ena amati kouma ndiye kokoma.

Jelo wopangidwa ndi madzi, monga K-Y Jelly ndi ena ogulitsidwa m'mafamase, ndiye woyenera. Pakani kwa nonse awiri ndipo wonjezerani akayamba kuuma. Vaseline, mafuta ophikira ndi mafuta odzola amafooketsa kondomu mpaka kuphulika, ndipo odzola onunkhira amaotcha khungu. Malovu amauma msanga. Jelo wolembedwa kuti amatenthetsa kapena kuziziritsa musiyeni.

Za kuumitsa tinene mosapsatira. Zitsamba, timiyala, mandimu, nsalu yopukutira mkati, ndi mankhwala “obwezeretsa unamwali” ogulitsidwa pa Facebook sizilimbitsa minofu. Zimatupitsa ndi kuumitsa khungu la mkati, ndipo kuthina kumene kumamvekako ndi kutupa. Khungu lotero limang'ambika, timabalato timatsegulira njira HIV ndi matenda ena, ndipo ululu wake ndi umene umaphunzitsa minofu kutseka. Kunyowa pogonana si chizindikiro cha chiwerewere kapena matenda. Ndi mmene thupi limadzikonzera. Kutsuka mkati ndi chala ndi sopo nakonso kumapha tizilombo tabwino toteteza njirayo. Tsukani kunja kokha ndi madzi.

Ululu unayamba nditabereka. Anandisoka molakwika?

Nthawi zambiri ayi. Chipsera chatsopano chimakhala cholimba ndi chosatambasuka kwa miyezi ingapo, ndipo kuyamwitsa kumatsitsa mahomoni a estrogen moti njira imauma ndi kupyapyala. Nchifukwa chake ngakhale obereka pa opaleshoni amamva kuwawa.

Pakatha masabata 6, bala litapola ndipo anamwino aona kuti lili bwino, yambani kusisita chipsera. Ndi jelo kapena mafuta ophikira oyera pang'ono kunja, dinani pachipserapo ndi chala mozungulira, kenako mopingasa, kenako motsatira mzere wake. Mukazolowera, ikani chala chachikulu mkati pang'ono ndi chamkombaphala kunja, nkumafinya chipseracho pakati pa zala ziwirizo mofatsa. Mphindi 3 mpaka 5 tsiku lililonse. Kusintha kumamveka pakatha masabata angapo.

Bwererani kuchipatala ngati pabala pamera kamnofu kofiira kotuluka magazi kakakhudzidwa, chifukwa amakawotcha ndi mankhwala mosavuta. Ngati bala latseguka kapena likutuluka mafinya. Kapena ngati mpweya ndi chimbudzi zikutuluka osafuna, zomwe zimasonyeza kuti mnofu wotseka kumbuyo unang'ambika. Mkodzo wongodontha usana ndi usiku chiberekereni ukhoza kukhala fistula. Imeneyo ndi ya opaleshoni, ndipo ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo apadera ochitira zimenezi.

Masabata 6 ndi nthawi yoti thupi lingayambenso kugonana, si tsiku lokakamiza. Ngakhale akuluakulu atanena kuti nthawi ya mwambo yakwana, chipsera chikadawawa dikirani.

Nanga jakisoni wolera, kusiya kusamba kapena chithandizo cha khansa?

Jakisoni wa miyezi itatu, Depo, amaumitsa amayi ena. Musangosiya, kambiranani ndi a zakulera za njira ina. Mukasiya kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, khungu la mkati limapyapyala ndipo silibwerera lokha. Kirimu wa estrogen wopaka mkati, wolembedwa ndi dokotala, amathandiza kwambiri pamodzi ndi mafizo. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere afunse kaye dokotala wawo. Amayi amene anawotchedwa khansa ya khomo la chiberekero ndi makina a radiotherapy njira imatha kufupika ndi kumatana, ndipo ma dilator ndi mbali ya chithandizo chawo, kuyambira nthawi imene dokotala wawo wanena.

Tisiye kugonana? Bambo akunyumba ndiwauze chiyani?

Siyani kulowetsa kokha kwa masabata angapo oyamba. Ulendo uliwonse wowawa umafufuta zimene mwaphunzitsa minofu sabata yonse. Kugwirana, kusisitana ndi kusangalatsana m'njira zina kupitirire, ndipo nkofunika kuti kupitirire, kuti thupi lisamaone bedi ngati malo a ululu.

Abambo ambiri akakanizidwa popanda kufotokozeredwa amaganiza ziwiri: kuti mkazi ali ndi chibwenzi, kapena kuti chikondi chatha. Kambani masana, osati pabedi. Mwachitsanzo: “Bambo a Chisomo, sikuti sindikukufunani. Achipatala apeza kuti minofu yanga ikumakungika yokha. Pali zoti ndizichita kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ndikufuna mundithandize.” Kupita nawo kuchipatala kamodzi kumathandiza kuposa mawu anu okha. Akapezeka matenda opatsirana, onse awiri alandire mankhwala ndi kudikira masiku 7, apo ayi muzingopatsirana.

Malangizo a pachinkhoswe akuti banja ndi kupirira ali ndi malo ake, koma pa ululu uwu kupirira ndi kumene kumaukulitsa. Alangizi ndi ankhoswe amene afikiridwa ndi nkhaniyi athandiza kwambiri akatumiza banjalo kuchipatala.

Pobwerera, dikirani mpaka zala ziwiri kapena dilator yofanana ndi amuna anu ikulowa popanda ululu. Tengani mphindi 15 mpaka 20 mukuseweretsana, chifukwa thupi likadzuka njira imatalika ndi kunyowa. Inu mukhale pamwamba kapena mugone chammbali, ndipo mulowetse ndi dzanja lanu potulutsa mpweya. Ulendo woyamba alowe nkungokhala osasuntha kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, basi. Gwirizananitu kuti mukati “imani” aima pomwepo. Madokotala ena amalemba lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, wopaka pakhomo mphindi 10 mpaka 20 musanayambe. Pukutani asanalowe kuti asachititse dzanzi amuna anu, ndipo asakhale chobisira ululu kuti mupitirire muyeso.

Anandiuza kuti zili m'mutu mwanga. Nzoona?

Ululuwo ndi weniweni ndipo chala cha woyeza chimaupeza. Chomwe chili choona nchakuti mantha, nkhawa ndi mikangano zimakungitsa minofu imeneyi monga zimaumitsira khosi. Mtsikana amene anakula akuopsezedwa za kugonana, kapena mayi amene anagwiriridwapo, thupi lake limatseka podziteteza. Pamenepo mafizo amayenda bwino akaphatikizidwa ndi uphungu, ndipo ku Mzuzu a St John of God amagwira ntchito imeneyi. Simukakamizidwa kufotokozera wa mafizo zonse. Kungoti “ndinakumanapo ndi zoipa, tiziyenda pang'onopang'ono” nkokwanira.

Ngati mukukakamizidwa panopa, ngakhale ndi mwamuna wanu, mafizo sangathetse zimenezo. Pitani ku One Stop Centre kuchipatala kapena ku Victim Support Unit kupolisi. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa asanathe maola 72.

Kudzimbidwa kukukhudzana bwanji ndi zimenezi?

Chimbudzi cholimba chimakhala kuseri kwenikweni kwa njira ya abambo, ndipo kukankha tsiku ndi tsiku kumakwiyitsa minofu yomweyo. Imwani madzi okwana malita 1.5 mpaka 2 pa tsiku ngakhale kukuzizira, idyani mgaiwa, nyemba, masamba, mapapaya ndi nthochi zakupsa. Chimbudzi chokumba chili ndi ubwino wake: kunyonyomala kumawongola njira. Pa chimbudzi chokhalira ikani mapazi pa kampando kuti mawondo akwere kuposa chiuno, weramirani kutsogolo, tulutsani mpweya m'malo mougwira. Ngati kukhala pa kabaza m'misewu ya mabampu kukuutsa ululu, pindani chitenje mukhalire, kapena yendani pansi pamene pali pafupi.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo zikakanika nchifukwa chiyani?

Ambiri amayamba kumva kusintha pakati pa masabata 4 ndi 8, ndipo amakumana ndi wa mafizo maulendo 6 mpaka 12, sabata iliyonse kapena pakatha masabata awiri. Vuto la zaka zambiri limatha kutenga miyezi 6 kapena kuposerapo. Ochokera kutali, monga ku Rumphi, Mzimba kapena Chitipa, angapemphe maulendo otalikirana ndi ndondomeko yolembedwa ya kunyumba.

Pakatha miyezi 3 popanda kusintha kulikonse, kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa izi: kugonana kowawa kukupitirira mwakachetechete, mwathamangira saizi yaikulu, mukuchita zonse Loweruka lokha m'malo mwa pang'ono tsiku lililonse, kapena pali chinthu chimene sichinapezeke, monga likodzo, endometriosis, matenda a khungu la kumaliseche kapena kuuma kwa mahomoni. Bwererani kwa dokotala wa amayi mukanene zimene mwachita ndi nthawi yake. Ululu umathanso kubwerera pang'ono mukadwala mauka, pa maliro kapena mukabereka. Bwererani pa kupuma ndi chala kwa sabata imodzi kapena awiri.

Ndingapitirize ndili kumwezi kapena ndili woyembekezera?

Kupuma ndi kutambasula kulibe vuto muli kumwezi, ndipo kumachepetsa cham'mimba. Za mkati mutha kupumira masiku amenewo. Muli ndi mauka, chilonda kapena matenda a chikhodzodzo, za mkati ziime mpaka mutachira.

Muli woyembekezera, kupuma kupitirire, koma mimba ikakula gonani chakumanzere m'malo mwa chagada. Chala ndi ma dilator musagwiritse ntchito musanafunse kusikelo, ndipo musayese nkomwe ngati mwatayako magazi, nsengwa ili m'munsi, madzi atuluka, kapena munaberekapo masiku asanakwane. Uzani azamba msanga kuti kuyeza mkati kumakuvutani, alembe m'buku lanu, kuti tsiku lochira amene adzakulandireni adzayeze ndi chala chimodzi, jelo wambiri, ndi kudikira mpweya wanu.